Masofa a ba Fines

Lolemba, 2 Juni

Ku sikelo lero. Anesi apima, ati mwana wagona bwino, mutu pansi, kwatsala masabata atatu kapena osakwana. Kenaka ati aliyense atsegule chikwama chake tione. Anzanga kutulutsa mabeseni atsopano, zitenje zopinda bwinobwino, matewera, jiki, magolovesi, thonje, mabulangeti a mwana. Ine chitenje chimodzi, pepala lakuda la pulasitiki, ndi tizipewa tiwiri toluka ndekha. Anesi sanandikalipire. Angosuzumira m'chikwamamo n'kunena chapansipansi kuti, "Ba Felistus, kubala ni mahala, koma mwana sabwela na bulangeti. Uyu ni Juni." Bola akanakalipa.

Pobwera ndadzera pamsika kufunsa mitengo. Kufunsa chabe, poti kufunsa salipiritsa. Kamunthu kosabadwa n'komwe, koma katundu wake kuposa wa mkwatibwi.

Chaka chatha nthawi ngati ino tinkaseka. Ine ndinkakazinga tchipisi pa resitiranti ya pamsewu wa ku Lusaka, Marvin mwamuna wanga akuitanira pa minibasi. Mimba itaoneka abwana anati pamoto sipafunika munthu wapakati, ndikapume kaye. M'mawa mwake panali kale mtsikana wina. Kalata ya ntchito ndinalibe, ndiye tchuthi cha uchembere ndikanakachifunsa kwa yani? Mu Epulo Marvin n'kugwa pachitseko cha basi ku Shimabala, mwendo thyo, mpaka lero pulasitala. Chipinda cha lendi tinachisiya. Tili kuno kwa apongozi, ba Wenceslaus, bambo ake a Marvin.

Madzulo Jasmine waimba. Mkulu wanga ameneyu sazungulira. Ati kumayadi kumene amagwira ku Lusaka, nyumba yoyandikana ikufuna wantchito wogona konko kuyambira mu Ogasiti, koma adona safuna mwana pakhomo. Ndikabereka, mwana akakwana masabata asanu ndi limodzi apite kwa amayi ku Petauke, ine ndizitumiza ya mkaka wa m'chitini. Ndiyankhe pofika kumayambiriro kwa Julayi. "Siuli woyamba, Feli," watero. "Nanga muzadya chani?"

Ndikudziwa kuti sindine woyamba. Koma mwanayu ndi woyamba wanga, ndipo sindikufuna.

Lachiwiri, 3 Juni

Pampopi ndakumana ndi ba Clementina, a mu komiti ya m'dera lathu yomwe imathandizana ndi a ku Boma oona za ovutika. Andikokera pambali. Ati Lachisanu akuyendera makomo, kulemba mabanja oti aganiziridwe pa thandizo la ndalama lija limabwera pafoni. Kwathu kuli nkhalamba, kuli wothyoka mwendo, kuli wapakati, ndiye dzina lathu analipereka. "Si ndalama zambili," atero, "koma nkhani ni iyi, muzalembewa chabe ngati ba ofisa baona na maso yao. Mubauze vonse mwamene vilili."

Si zambiri, inde. Koma ufa, mafuta ndi shuga zimakwana. Vitumbuwa ndimavidziwa, ndowa ndili nayo, ndipo wogulitsa vitumbuwa mwana amakhala naye kumsana. Ndabwerera kunyumba madzi akutayikira m'khosi chifukwa chofulumira.

Vuto n'limodzi. Nyumba ndi ya apongozi, oyankha mafunso ndi iwo, ndipo ine ndi iwo sitilankhulana maso ndi maso. Moni ndimapereka nditagwada pakhomo, nkhope kumbali. Amayi anandiphunzitsa choncho, alangizi anabwereza, ndipo apongozi amanyadira pa tchalitchi kuti mpongozi wawo ndi woleredwa. Mawu anga onse amadzera mwa Marvin. Ndamuuza kawiri, mwachifatse. Wati, "Nizakamba nabo, usade nkhawa."

Lachitatu, 4 Juni

Wakamba nawo. Ndinali kukhitchini, khutu kuchitseko. Zonse zija ndinamuuza, iye wanena mawu anayi: "Ba Boma bazabwela Lachisanu."

Apongozi ati, "Alendo a Boma? M'nyumba muno?" Ndinawamva akuimirira n'kumayendayenda m'balaza.

Bwana Siteshoni, ndimawatcha choncho mumtima. Anabwera kuchokera ku Ntcheu ali mnyamata, anagwira ntchito ya njanji mpaka imvi, ndipo mpaka pano m'mawa uliwonse amamanga tayi ngakhale kulibe kopita. Ndalama za penshoni zinathera pa matenda a apongozi aakazi, ba Martina, pamodzi ndi mipando, wailesi ndi njinga. M'balaza mwatsala mpando umodzi wamatabwa, makireti awiri, ndi wotchi yapakhoma imene anzawo a pa siteshoni anawapatsa popuma ntchito. Imeneyo amaipukuta Loweruka lililonse.

Si munthu woipa. Masiku ena amasiya nshima yawo theka, ati akhuta, podziwa kuti mbale ibwerera kwa ine.

Lachinayi, 5 Juni

Mayo ine.

Ndimachapa kuseri. Ndangomva phokoso, kutuluka, ndikuona sofa ikulowa pakhomo pathu miyendo m'mwamba. Ina pambuyo. Kenaka tebulo lagalasi, makatani amaluwa, ngakhale kansalu koyala pamwamba pa sofa. Zonse za ba Fines, mayi wamasiye wa nyumba yoyandikana nayo, zimene anawagulira malemu mwana wawo. Apongozi ali pakhonde kulozera onyamula ngati akulowetsa sitima.

Ndathamangira kwa Marvin kuchipinda. Ndati, "Iwe, uona vamene bachita batata? Ba ofisa bakaona masofa bazatilemba bwanji?" Wadzikoka ndi ndodo zake mpaka pakhomo, wayamba, "Batata, nenze kuganiza kuti..." Apongozi osatembenuka n'komwe: "Alendo a Boma akhale pa kireti ya mowa m'nyumba mwanga, ine ndili moyo? Mayi ako akanalola zimenezo?" Marvin wabwerera kukagona.

Ati, "Basiye chabe, ba Clementina batiziba." Ndamuyang'ana mwamuna wangayu. Pa basi ankakangana ndi munthu aliyense kuyambira Kafue mpaka Lusaka, koma pamaso pa bambo ake ndi mwana wa Sande sukulu.

Chondidabwitsa, ba Fines abwereketsa mosanyinyirika. Munthu woti ukabwereka sefa amaitsatira madzulo omwewo.

Lachisanu, 6 Juni

Ndilembe zonse, mwina mtima utsika.

M'mawa ndadzuka nkhuku yanga ili kale m'madzi otentha. Thadzi langa lija, limene amayi ananditumizira kuti ndidzamwe msuzi ndikachira. Apongozi auza Marvin, Marvin wauza ine: mlendo sachoka ndi njala. Ndaisosola ndikulira, ndaiphika ndikulira, ndipo yapsa bwino, zomwe zandipsetsanso mtima.

Afika chakumasana, ba Clementina ndi ofisa wamkazi wachitsikana, waulemu, atanyamula kafoni kakakulu kolembapo. Apongozi mu jekete lawo la njanji, mabatani owala. Ba Clementina atangolowa anaima, kuyang'ana masofa, kuyang'ana ine. Ine nditagwada pakhomo ndi beseni la madzi osamba m'manja.

Ofisa anafunsa kuti timadya kangati patsiku. "Katatu, mayi. Mulungu ndi wabwino." Pali amene amalandira ndalama pakhomo pano? "Ine ndine wopuma pa ntchito ya njanji." Osanena kuti zopumirazo zinatha kalekale. Za mwendo wa Marvin, ati ndi kangozi kakang'ono, achira posachedwa.

Ba Clementina anayesa, Mulungu awadalitse. Anasisita sofa n'kunena kuti, "Ba Wenceslaus, aya masofa monga nayaonapo kwinangu." Apongozi anatsokomola n'kuti sitolo imene anagulako inali ndi ambiri ofanana. Kenaka ofisa anatembenukira kwa ine: "Nanga imwe ba mayo, vokonzekela mwana vilipo?" Pakamwa panga panatseguka. Koma apongozi anali atakhala pomwepo, ndipo anayankha ndi iwo: "Mpongozi wanga sasowa kanthu m'nyumba muno."

Ndinayang'ana pansi, monga ndinaphunzitsidwira.

Adya nshima ndi nkhuku yanga, ayamikira kaphikidwe. Ofisayo sindikumuda. Analemba zimene anaona ndi zimene anamva. Atachoka apongozi anakhala pa sofa mwendo pamwamba pa unzake, nkhope ikuwala, n'kuuza Marvin kuti, "Waona? Apita akudziwa kuti pano pamakhala anthu."

Loweruka, 7 Juni

Masofa abwerera kwawo. Patsala mizere ya fumbi pansi. Ndiwo lero ndi mapazi a nkhuku ndi chibwabwa.

Lamulungu, 8 Juni

Ku Misa sindinamve kanthu, msana ukuwawa, benchi kuuma. Potuluka ba Fines andizemba, adzera khomo la kumbali.

Jasmine watumiza uthenga: adona akufunsa. Sindinayankhe.

Mwana wakhala akugunda tsiku lonse kumanja kuno. Ndamuuza kuti, gunda mwanangu, uli ndi chifukwa.

Lachisanu, 13 Juni

Aitana mayina pabwalo la sukulu, anthu onse a m'dera tili pomwepo kuti tivomereze ngati olembedwawo ndi ovutikadi. Ndinapita, ngakhale miyendo yatupa ngati mitondo. Apongozi anabweranso, ndi tayi, anakhala kutsogolo ndi azibambo anzawo.

Dzina lathu mulibe.

La ba Fines lilimo. Mayi amene ndinakhala naye pafupi anandinong'oneza akuseka kuti tsiku lija ofisa atachoka kwathu analowa kwa ba Fines, n'kupeza m'balaza muli mbee, adzukulu anayi atakhala pa thumba. Ndiye chifukwa chake sanatsatire katundu wawo madzulo! Ife tinawasungira masofa, n'kuwaphera nkhuku alendo awo.

Ndinaseka, anthu mpaka kucheuka. Kenaka kusekako kunasanduka zina, ndinadziphimba ndi chitenje.

Komabe ndikanena zoona, ba Fines akuyenera. Ana anayi amasiye, iwo akudwala shuga, ndipo sofa sadya. Atafunsa ngati pali wotsutsa, palibe anatsutsa, inenso sindikanatsutsa. Atafunsa ngati pali amene akuona kuti wasiyidwa, ndinayang'ana msana wa apongozi. Sunagwedezeke. Pobwerera anali kutsogolo, ine kumbuyo, ndipo ndinawamva akuuza mnzawo kuti, "N'zabwino, zipite kwa osowa."

Loweruka, 14 Juni

Ndachita chinthu chimene amayi akamva adzagwira pakamwa.

M'mawa apongozi anali pa mpando wawo akupukuta wotchi. Marvin kuchipinda. Ndinamuuza kuti apite akawauze za Jasmine, iye ati tidikire kaye mtima wawo ukhale pansi. Ndinaganiza kuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo m'nyumba muno wa m'mimba ndine.

Ndinalowa m'balaza, osaima pakhomo. Ndinagwada patsogolo pawo penipeni. Anadzidzimuka mpaka kansalu kanagwa.

Ndinati, "Batata, munikhululukile, nizakamba neka." Ndinawauza za chikwama cha ku sikelo, chitenje chimodzi ndi pepala lapulasitiki. Ndinawauza kuti ndalama zija ndinkafuna ufa ndi mafuta kuti ndizigulitsa vitumbuwa mwana ali kumsana. Ndinawauza za ntchito ya ku Lusaka. "Muzukulu wanu azayenda ku Petauke na masabata sikisi, azakula na mkaka wa mu chitini. Ine sinifuna, batata. Munakamba ati sinisowa kanthu. Nisowa vonse."

Anaika wotchi pamiyendo pawo. Kenaka anaitana, osakweza mawu: "Marvin." Anabwera ndi ndodo zake. "Zimene akunena mayiwa n'zoona?" Marvin ati n'zoona. "Ndipo iwe unkadziwa, n'kundisiya ndikubwereka makatani?"

Ndiye ndinafuna kudzuka, ndithawe. Osatheka! Mimba kulemera, mawondo kukana. Marvin manja ali pa ndodo. Apongozi sangandigwire, mwambo. Tinangoyang'anana atatu. Mapeto ake anaimirira, n'kukankhira mpando wawo pafupi nane kuti nditsamire. Ndinadzuka nawo, n'kutuluka.

Nshima ya masana sanaikhudze. Ndikuopa. Mwina ndaononga zonse, ndipo tikhala kuti akatithamangitsa?

Lolemba, 16 Juni

Apongozi salankhula ndi aliyense. Tayi amanga, koma satuluka.

Lachiwiri, 17 Juni

Ba Fines abwera kukhomo la kuseri ndi beseni, zitenje ziwiri, botolo la jiki ndi bulangeti limene analerera mdzukulu wawo wotsiriza, lochapa bwino. Anaziika pansi osandiyang'ana. Ati, "Nenze kuziba vamene nichita, mwana wanga. Ba Wenceslaus benze kupempha beka, ine ninangokhala zii. Njala ilibe nsoni." Ndinafuna kuwayankha mawu owawa amene ndakhala ndikuwanola kuyambira Lachisanu, koma bulangetilo linali lofunda ndi dzuwa, ndipo ndinangoti zikomo. Takhala pamodzi kusankha nyemba.

Amayi a mphakati wathu wa ku tchalitchi asonkha magolovesi, thonje ndi matewera ansalu. Chikwama tsopano chikutsekeka movutikira. Cha kubereka chatheka. Cha pambuyo pake ndiye chikadali pomwe chinali.

Loweruka, 21 Juni

Mtsikana!

Zinayamba Lachinayi m'mawa ndikusesa. Ba Fines ndi amene anathamanga kukaitana ba William a takisi, a mphakati wathu, ndipo ndi iwonso anandiperekeza. Wabadwa dzuwa likupendeka. Za ululu sindilemba, ndikuzikumbukira popanda kulemba. Anesi aja a ku sikelo anali pa ntchito, atatsegula chikwama anati, "Ehe, bulangeti yabwela."

Ali ndi tsitsi lambiri ndi makutu a Marvin, wosauka. Akayamwa amagwira chala changa ngati wina akufuna kumulanda. Ndikamuyang'ana ndimawerenga masabata osafuna, ndiye ndimasiya kumuyang'ana, kenaka ndimamuyang'ananso.

Tili m'chikuta, sitituluka mpaka mchombo ugwe. Apongozi sanamuone. Marvin ati atamva anavula chipewa n'kulowa kuchipinda kwawo.

Lolemba, 23 Juni

Ba Clementina abwera kudzaona mwana, ndipo abwera ndi nkhani.

Ati m'mawa apongozi anawagogodera, kuwapempha kuti awaperekeze ku Boma. Anayenda wapansi. Mu ofesi munali anthu pamzere, ena owadziwa. Itafika nthawi yawo anaima pamaso pa ofisa wachitsikana uja, chipewa m'manja, n'kunena mokweza bwino kuti, "Mayi, ndinakunamizani. Masofa aja si anga. Nkhuku ija inali ya mpongozi wanga. Timadya kamodzi, tikalemera kawiri." Ba Clementina ati iwo ndi amene anachita manyazi, kuyang'ana kudenga.

Ofisayo anawapatsa mpando. Anawafotokozera mwaulemu kuti mayina a ulendo uno anapita kale, iye sangawabweze. Walemba kuti adzatiyenderenso akadzatsegula kalembera wina. Liti? Sakudziwa, ndipo sanafune kulonjeza bodza.

Ndiye basi. Manyazi anapha Lambe, ife atiphera thandizo. Komabe ndakhala ndikuganiza za mdalayo ataima pamzere, ndipo mkwiyo ndikuufunafuna sindikuupeza pamene ndinausiya.

Jasmine waimba kuyamikira mwana. Pomaliza ati, "Manje ni liti uzaniyankha?" Ndati ndikadali ndi ululu. Ati Lachinayi la sabata yamawa adona atenga wina. Sakundikakamiza mwankhanza. Wake wachiwiri anamusiya ku Petauke ali ndi miyezi iwiri, ndipo sanayambe wandiuza kuti zinali zophweka.

Lachitatu, 25 Juni

Marvin walowa kuchipinda maso ali tong'o. Ati wotchi kulibe. Pakhoma patsala msomali ndi bwalo loyera.

Madzulo wawilibala watsitsa thumba la ufa wa tirigu, chigubu cha mafuta, shuga, yisiti ndi thumba la makala. Apongozi alozera kuti aike kukhitchini.

Ndalira mpaka mwana wadzuka. Koma ndani akazinge, ndani akagulitse? Ine kukhala pansi kokha ndi nkhondo.

Lachisanu, 27 Juni

Mchombo wagwa dzulo. Lero ba Fines amusambitsa, amutulutsa, n'kumupereka kwa agogo ake kuti amutche dzina.

Anamulandira ngati mbale yagalasi. Anamuyang'ana nthawi yaitali. Ati, "Martina." Marvin anatembenukira kukhoma.

Kenaka, mwana akadali m'manja, anayang'ana kwa ine. Kwa ine, osati kwa Marvin. Ati, "Amake Martina, vitumbuwa vija mumathira chiyani ndi chiyani?"

Ndinasowa poyang'ana. Ndinayankha ndikuyang'ana mapazi awo, ufa wakuti, shuga wakuti, madzi ofunda, kudikira ufufume. Anamvetsera ngati malamulo a njanji. Pomaliza anagawa ntchito: ine ndiziyeza ndi kulawa nditakhala, Marvin azikanda ndi kukazinga poti manja sanathyoke. Marvin anafunsa kuti nanga wogulitsa? Ati, "Pa siteshoni ndimapadziwa."



Loweruka, 28 Juni

Oyamba Marvin wapsereza. Achiwiri osapsa m'kati. Achitatu bola. Wadzitama ngati wamanga nyumba.

Lolemba, 30 Juni

Apita m'mawa ndi ndowa, jekete la njanji, tayi. Abwera dzuwa litalowa, ndowa yangotsika pang'ono. Aiika kukhitchini mwakachetechete. Ati anthu a masiku ano sakonda vitumbuwa.

Ba William andiuza zoona pamene anabwera kudzaona mwana. Ati anawaona atakhala kuseri kwa siteshoni, kumene sikudutsa munthu, ndowa ili pansi pa benchi atayiphimba ndi nyuzipepala, iwo akuyang'ana njanji ngati akudikira sitima. Amene anagula ndi amene anamva fungo.

Sindikuwaseka. Munthu amene anthu ankamuvulira chipewa pamalo omwewo. Koma mafuta apita, ufa wapita, ndipo vitumbuwa vogona sagula. Tadya tokha ndi tiyi wopanda mkaka, vina tapatsa adzukulu a ba Fines.

Lachinayi likubwera. Ndatenga foni kawiri kuti ndilembe kuti ndibwera. Martina amayamwa, ndinaiika pansi.

Lachiwiri, 1 Julayi

Chimodzimodzi, theka labwerera. Popereka moni ndinati, ndikuyang'ana pansi, "Batata, vitumbuwa vifuna mawu. Ngati simuitana, sibaziba." Anati, "Ndamva, amake Martina." Anafunsa kuti ndinkaitana bwanji pa tchipisi. Ndinawasonyeza, motsitsa. Marvin anaseka mpaka ndodo kugwa. Iwo sanaseke.

Lachinayi, 3 Julayi

Ndinapita ndi Martina ku kiliniki kuti akamuone, ba Fines atandiperekeza. Ali bwino, wayamba kale kulemera. Foni inalira tili pamzere, Jasmine. Sindinayankhe. Uthenga: "Feli, lelo ni lelo."

Pobwerera ndinati tidzere ku siteshoni. Ba Fines ati ndi kutali kwa munthu wongochira kumene, ndinati tiyenda pang'onopang'ono.

Ndinawamva ndisanawaone. Mawu aakulu aja, amene Marvin amati kale ankamveka mpaka kumsika. "Vitumbuwa! Vamoto vitumbuwa!" Sanali kuseri. Anali kutsogolo, pamene anthu amadutsa kupita kokwerera mabasi, ndowa ili pa kireti, tayi ili m'malo mwake, foloko m'dzanja.

Tinaima patali. Panabwera mdala wina wa ndodo, ba Fines ati ankagwira nawo ntchito ya njanji. Anaima, kuyang'ana ndowa, kuyang'ana jekete. "Wenceslaus? Ndiwe?" Apongozi anawongola msana. "Ndine. Ndili ndi mdzukulu. Ugula vingati?"

Anagula viwiri.

Martina anayamba kulira, ndipo apongozi anatiwona. Ndinaganiza kuti achita manyazi, koma anachotsa ndowa pa kireti, n'kuikankhira kiretiyo kwa ine ndi phazi. Ndinakhala, kumasula mwana, kumuika kubere. Iwo anatembenuzira nkhope kumbali monga mwa mwambo. Akuyang'ana kumbali komweko anapendeketsa ndowa kuti ndione. Pansi pake pankaoneka, dzuwa lisanafike n'komwe pamutu.

Sindikudziwa ngati mawa zidzatero. Ufa udzatha, mvula idzabwera, a ku Boma mwina chaka chamawa. Ndinatulutsa foni ndi dzanja limodzi n'kulembera Jasmine kuti, "Bauze batenge wina."

Apongozi ati, nkhope ikadali kumbali, "Amake Martina, mawa muyeze ufa wambiri. Ndipo akuti shuga wachepa."